Mafumu a M'chitini cha Polishi

Zaka makumi awiri ndinayeza thonje pa Bangula,
mabelo otupa ngati mvuu, mtengo wake wa mpheta.
Lero ndimayeza tinthu tochepa ngati chikhadabo:
magalamu atatu, ndi kanthu kena pamwamba
kamene sikelo yanga imakana kutchula.

Yoyamba inabwera m'kalata ya Ndaziona, mwana wa mlongo wanga,
amene amasambitsa nkhalamba za eni ku Italiya.
Analemba kuti: Malume, ndi siliva iyi, musagulire masau.
Ndinaiyang'ana mpaka mthunzi wa mlaza unafika pakhomo.
Mfumu ya Aroma, mphuno yokhota, khosi la nkhunzi,
masamba kumutu,
zilembo zoizinga ngati mpanda
umene mbuzi zinadya theka.

Zinachulukana mpaka zisanu ndi ziwiri.
Ina inafufutika, pankhope panatsala chibwano chokha.
Ina munthu anaibenthula m'mphepete,
kambala wa zaka zikwi ziwiri zapitazo,
ndipo ndimamudziwa bwino:
nafenso chala chathu chinkacheza ndi sikelo
mlimi akayang'ana kumbali.

A Jofilisi a pagolosale amaseka.
Amati: A Fole, mfumu yanuyo igule sopo tione.
Sindiyankha. M'chitini momwemo
muli kobiri la atsamunda loboola pakati,
muli matambala athu a dzulodzuloli.
Nazonso sopo sizimudziwa.

Usiku uja Shire atalowa m'nyumba osaodira
mkazi wanga anasenza ufa ndi mphasa.
Ine ndinatuluka ndi chitini m'kamwa,
manja ali pa mdzukulu.
Kumsasa, m'kalasi ya sitandade 4,
mayi sanandiyankhule masiku anayi.
Tinadya nyika zowawa,
mafumu asanu ndi awiri ali m'thumba la kabudula,
osatulutsa lamulo ngakhale limodzi.

Madzi ataphwa, wina wa ku Limbe anatchula mtengo pafoni.
Ndinamupatsa yoyamba ija, ya mphuno yokhota,
nditaikulunga m'kansalu ka mayi
kuti isazizidwe pokwera Thabwa.
Inabwerera ili malata khumi ndi awiri.
Misomali ndinakongola.

Ndaziona sindinamuuze.

Mu Okutobala denga limenelo limatiwotcha ngati lili ndi mlandu nafe,
timagona panja, udzudzu ukutolera msonkho wake.
Koma mvula yoyamba ikagwa
mayi amakweza maso, amati: Imvani, mfumu yanu ikugwira ntchito.

Zatsala zisanu ndi imodzi.
Madzulo ndimatulutsa ya chibwano chokha ija,
imene wogula aliyense angaikane.
Zala zingati zinaisisita mpaka maso ake kutha?
Msilikali, wogulitsa mafuta, mayi wolipira ngongole ya maliro,
kenaka dothi, zaka zosawerengeka.
Ndimaikapo chala changa chachikulu, cha thukuta la Chigwa,
ndichotsepo kanga kochepa,
kamene sikelo sidzaona.