Tsamba Lomaliza Linang'ambika

Ku Barnsley dzuwa limaweruka msanga.
Folo koloko kunja kwada kale,
ine ndiye ndikungovala kumene yunifolomu.
M'nyumba ya okalamba muli shelefu imodzi pafupi ndi lifiti,
mabuku a anthu amene anatsogola.
Ana awo anatenga mawotchi ndi ndolo, awa n'kuwasiya.
Ndimawawerenga usiku, pakati pa belu ndi belu.

Loyamba linali lachikondi, chikuto chofiira ngati phwetekere.
Mtsikana ndi dokotala kukanirana masamba mazana atatu
chonsecho ngakhale mwana akuona kuti akufunana.
Ndinatsonya kangapo.
Kwathu azakhali akanaithetsa nkhaniyi Loweruka limodzi.
Koma pamene anakumana pasiteshoni mvula ikugwa
ndinapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja,
ndipo sindinauze munthu.

La katswiri wa mpira wopuma ndinalisiyira pakati.
Ine, ine, ine, ngati mbuzi yomangidwa padzuwa.
Bondo lake analipatsa mitu iwiri yathunthu,
mkazi wake mizere inayi.

La anthu othawira ku nyenyezi linandisowetsa mtendere.
Chombo chachikulu, ulendo wa zaka mazana,
akuluakulu kukangana za mpweya ndi ulamuliro.
Ndinafunafuna amene ankachapa zofunda m'chombomo,
amene ankatembenuza odwala kuti asachite zilonda.
Sanatchulidwe. Mwina anali pashifiti.

Ndiye panali kabuku kopyapyala ka mayi wa konkuno,
kosimba za ubwana wake.
Bambo ake kutuluka mumgodi wa malasha maso okha akuyera,
kusamba m'bafa lamalata ana atatu madzi amodzi,
ngongole ya shuga yolembedwa m'kope la pagolosale.
Apo ndinaima, tiyi n'kuzizira m'kapu.
Kope limenelo ndimalidziwa.
Linali kwa a Chimtengo ku Chilomoni,
dzina la mayi anga lili pamwamba pa tsamba lachitatu,
ndipo ine ndiye ndinkatumidwa, nditaweramitsa mutu.
Sindinkadziwa kuti manyazi amenewa
analankhulapo Chingelezi.

Koma limene landigwira mpaka lero ndi la wapolisi
wofufuza imfa ya m'busa m'kamudzi ka maluwa.
Mausiku anayi ndikukayikira aliyense,
wogulitsa nyama, mlongo wake, ngakhale galu,
kenako ndafika kumapeto, tsamba lomaliza palibe.
Wina analing'amba, mwina anakulungira mapiritsi.

Bambo Ackroyd a m'chipinda 14 anati analiwerengapo.
Lolemba anati anapha ndi mkazi wa m'busayo.
Lachinayi anati ayi, ndi woimba limba kutchalitchi,
ankaba ndalama za denga.
Lamlungu, ndikuwakonzera pilo cha m'ma fili koloko,
anandigwira dzanja mwamphamvu n'kunong'ona:
Ndinali ine, mwanangu. Usamuuze Maureen.
Maureen anagona zaka zisanu ndi zinayi zapitazo.
Ndinawalonjeza kuti pakamwa panga ndi potseka,
ndipo anagona tulo tabwino ngati munthu woulula.

Mnzanga Tadala akuti ndilifufuze pafoni,
mphindi imodzi ndidziwa wakupha.
Sindifuna.
Ndili ndi mathero atatu, onse anandipatsa munthu mmodzi.

Mwezi watha chipinda 14 anachipaka penti watsopano.
Mwana wawo anatenga wailesi ndi chithunzi cha ukwati.
Mabuku asanu ndi awiri afika pashelefu,
akununkhabe mafuta awo opaka pachifuwa.
Ndayamba la bambo wina woweta nkhunda za mpikisano,
wosimba mmene ankadikirira padenga, khosi m'mwamba,
mbalame yotayidwa kutali kuti ipeze yokha kwawo.
Pali mizere ya pensulo pansi pa mawu ena,
yokhotakhota, ya dzanja lonjenjemera.
Ndimawerenga pomwe iwo anaima.

Ndinayamba ndasuzumira kumapeto, osawerenga,
kungoona ngati tsamba lilipo.
Lilipo.
Belu la chipinda 9 likulira,
ndaika chiphaso cha basi pakati, ndikubwera.