Komanda ku Kanyama

Ndinamudziwa asanayambe masuti,
ku Mpulungu, dzina lake lili lalifupi:
Komanda, basi.
Zoti Yotamu Chulu zinali za m'mapepala.
Ine ndinali wa injini, pansi, m'fungo la dizilo,
iye pamwamba, maso ali pa madzi a Tanganyika,
ndipo akati “kumanja!”
ngakhale zitsulo zinkamva.

Tikabwera patchuthi ku Lusaka ankatiseka:
asilikali a pamadzi, dziko lopanda doko la mchere,
kodi mumalondera kapenta?
Iye osayankha.
Manja amenewo anavuulapo asodzi asanu ndi awiri
usiku umodzi wa namondwe,
atatu akupuma, enawo ayi.
Munthu wotere nthabwala imangomudutsa.

Zaka makumi atatu.
Kenako nyenyezi za paphewa anazitsekera m'chitini cha mabisiketi,
nkhope yake nʼkukwera mitengo ya magetsi
kuyambira ku msika wa Soweto mpaka ku Chibolya,
ikumwetulira.
Mano amenewo ine ndinali ndisanawaonepo.
Azimayi anamuvala m'chiuno,
mphuno yake ikupindika pa chitenje akamayenda.

Anawina.
Ku Nyumba ya Malamulo anapeza kuti “kumanja”
ndi mawu oyamba akambidwe;
amalowa m'komiti onenepa,
nʼkutulukamo ataonda, atasanduka “tiona”.
Ankaima njo ngati mlongoti
kupempha ngalande za Kanyama,
ena akugogoda matebulo, ena akuodzera.
Ndalama zili m'njira, ankamuuza.
Njira yake inatalika kuposa ya ku Mpulungu.

Koma mvula ya Febuluwale sidikira komiti.
Pansi pa Kanyama ndi thanthwe, madzi alibe kolowera.
Anadzaza zimbudzi,
analowa m'nyumba osaodira,
mbaula kuyandama, makope a ana kusanduka phala.
Ndinali m'galaja mwanga, madzi ali m'maondo,
ndikukweza mabatire pa shelefu,
pamene mawu aja anandigwira m'khosi:
“Fakisoni. Injini.”

Sanali Olemekezeka amene anaima pakhomo.
Anali wopanda nsapato, buluku atapinda,
kumbuyo kwake boti lobwereka pa lole ya makala,
injini yake yakufa kalekale.
Ndinaitsuka pakhosi, ndinaitukwana pang'ono,
inatsokomola, nʼkudzuka.

Tinayandama pamene minibasi zimaimbira hutala.
Tinanyamula mayi wa pakati ndi mapoto ake,
ana anayi, wailesi yakanema, nkhuku yomangidwa miyendo,
mnyamata wotsekula m'mimba amene maso anali atalowa.
Pa malata a nyumba ina panakhala bambo Sandikonda,
telala, makina osokera ali pamiyendo.
Atamuzindikira anakuwa:
“Tinakuvoterani kuti mukumbe ngalande,
osati mudzatipalase!”
Injini ndinaichepetsa, ndikudikira mkuntho.
Komanda anavula chipewa, madzi akuchucha m'ndevu.
“Mwanena zoona,” anatero. “Kwerani.”

Masankho otsatira anagwa.
Anapambana mnyamata wogawa mabuku a mpira ndi maambulera,
ndipo zithunzi zija mvula inazisenda pang'onopang'ono,
kutsala khutu apa, theka la chipumi apo.
Zitenje zinasanduka zoberekera ana,
zina zokolopera.

Masiku ano amabwera Loweruka, pa basi ya ku Chilenje.
Amakhala pa tayala lakutha, sitilankhula zambiri.
Ndimamugulira chibwantu cha m'botolo la pulasitiki,
iye amandipatsira sipanala ndisanapemphe.
Pakhoma la galaja pali mzere wakuda
pamene madzi analekezera chaka chija.
Ndafunapo kupakapo laimu, wandiletsa.
Akamanyamuka amaima pafupi nawo,
nʼkuuyeza ndi chikhatho kuchokera pansi,
kamodzi, kawiri, kasanu,
kenako amasuzumira kumwamba, cha ku Makeni,
kumene mitambo yayamba kale kusonkhana,
nʼkundifunsa ngati injini ija ndimaithirabe oilo.