Kiyi wa Ofesi ya ku Setúbal

Lolemba tinakumana pamwamba pa shopu ya utoto,
anthu khumi ndi anayi, mipando makumi asanu.
Mvula inkalowera pa zenera lomwe lija
tinapangana kuti tikonza chisankho chikatha.
Mapositala otsala ndinawaunjika pakona,
nkhope ya munthu wathu ikumwetulirabe
ngati sanamuuze.

Amílcar ndiye anayamba, chipewa chili kumutu.
Zaka makumi atatu akutsitsa katundu padoko,
mawu ake akadali opikisana ndi injini za sitima.
Akuti tinagwa chagada kalekale,
tsiku lija tinachita manyazi ndi dzina loti wantchito,
n'kusukulutsa mtundu wa mbendera
kuti isaopse a m'mabanki.

Telma sanadikire kuti amalize.
Fakitale yanu ya nsomba za m'zitini ija, akutero,
lero muli zipinda za alendo odzaona nyanja.
Ine ndimaperekera khofi momwemo,
theka la malipiro limathera kwa mwini nyumba.
Inu mukuguba ndi anthu amene anapuma kale.

Dokotala Valdemar, akupukuta magalasi:
mavoti ali pakati, anzanga, tiyende pakati.
Wina kumbuyo: pakati m'pamene galimoto imagunda galu.
Tinaseka.
Kenaka tinakumbukira kuti takwiyirana.

Ine ndine msungichuma. Ndilibe mbali, ndili ndi buku.
Buku likuti wosindikiza sitinamulipire,
lendi miyezi iwiri, magetsi.
Ndinakweza dzanja katatu.
Iwo anali pa ndime yachinayi ya chikalata,
kukokanakokana ngati tilembe "kulimbana"
kapena "kukambirana".

Chimene sindinanene n'chakuti Nélio wanga,
uja ankamata mapositala asanathe n'komwe kuwerenga,
guluu mpaka m'tsitsi,
Lamulungu anavotera enawo.
Anandiuza patebulo, akudula buledi:
Amayi, aja anafika pakhomo n'kundifunsa dzina.

Itadutsa leveni koloko anatsika masitepe magulu awiri,
lina kulowera kudoko, lina kokwerera basi.
Valdemar anaima pakati pa msewu kukweza mkono,
takisi osabwera.

Usiku womwewo foni inalira kawiri.
Amílcar akufuna kiyi Lachitatu.
Telma akufuna kiyi Lachitatu.
Kiyi ndi mmodzi, ali m'thumba la jekete langa lonyowa,
ndipo loko uja ndi wovuta, amafuna womudziwa:
uyambe wakankha chitseko ndi phewa,
ukokere pang'ono kwa iwe,
kenaka upotoze.