Tikudikira Matumbo a Atate Ayankhule

Ku Tbilisi, m'chipinda cha nambala naini,
atate anga a Tamaz agona chagada
ngati mtanda umene aukanda n'kuuphimba ndi nsalu.
Zaka makumi atatu akhala akuwerama m'ng'anjo ya dothi,
kumata buledi pakhoma lotentha ndi dzanja limodzi.
Nsidze zinapserera kalekale.
Lero ndi tsiku lachitatu osalawa kanthu,
diripi yokha ndiyo ikudontha m'malo mwa chakudya.

Dokotala Gelashvili anadula theka la chifu,
mbali imene chotupa chinamangako msasa,
n'kusokerera chotsalacho ku matumbo aang'ono.
Akuti matumbo akagwidwa ndi manja achilendo amanyanyala,
amangoti zii, ngati mwana wokalipiridwa pagulu.
Tsono tonse tikudikira.

Ine Tekla, wa chaka chachiwiri kusukulu ya udokotala,
ndabwera ndi buku lolemera ngati njerwa zitatu.
"Tandiwerengera," akutero,
"ndidziwe kumene ndakhala ndikutumiza katundu wanga."

Ndikuyambira pa lilime.
Chidutswa cha buledi wanu chikangofika, atate,
malovu amachilonjera,
n'kuyamba kumasula shuga wobisala mu ufa.
N'chifukwa chake mukachitafuna nthawi yaitali chimazuna.
Kachivindikiro kena kamatseka njira ya mpweya
kuti mlendo asalowe nyumba yolakwika,
ndipo mmero umafinya, kufinya, kufinyabe.
Ngakhale mutaima chadodolido, chakudya chingafikebe.

"Bodza," akutero akuseka, kenaka agwira pabala.

Chifu ndi mbiya ya asidi,
koma sichidzidya chokha
pakuti m'kati chimadzipaka zoterera ngati therere.
Chimakanda. Inde, ntchito yake ndi yanu yomweyi,
mpaka buledi asanduke phala,
ndiyeno kachipata kamatseguka pang'ono, supuni imodzi, kenaka ina.
Pamenepo ndulu yochokera m'chiwindi imatsikira, yowawa, yobiriwira,
kudzamwaza mafuta a tchizi amene mumawakonda aja,
kapamba nayenso n'kuthira madzi oziziritsa ukali wa asidi.
Kenaka mamita asanu ndi imodzi a njira yokhotakhota
yopindidwa kunsi kwa lamba wanu,
makoma ake odzaza ndi tizala miyandamiyanda
totola zabwino zonse n'kupatsira magazi.
Makombo amapita ku matumbo aakulu,
kwa tizilombo tochuluka kuposa anthu a mumzinda uno,
ndipo thupi limatenganso madzi ake, silitaya dontho mwachisawawa.

Atate atsinzina.
"Nanga theka langa lija analiika kuti?"
Ndikutembenuza tsamba. Buku silinalembepo zimenezo.
Kunja chipale chofewa chikugwera mumtsinje wa Mtkvari
n'kusowa chisanasiye chizindikiro.

Usiku namwino Lamara akubwera kawiri,
kuika chomvetsera pansi pa mchombo,
kupendeka mutu ngati womvetsera pakhomo lotseka.
Akupukusa mutu. Akupita.

Folo koloko m'bandakucha, ndikusinza pampando,
ndikumva: gulugulu.
Kutali, pansi pa bulangeti, ngati ngolo yowoloka mlatho.
Kenaka atate anga, munthu wa ulemu wake,
amene sanayambe ageyapo pamaso pa mlendo,
aphwisa.
Nkhalamba ya pabedi loyandikana ikuwomba m'manja.
Lamara akuyang'ana wotchi, n'kulemba nthawi m'faelo
ngati mmene amalembera mwana akabadwa.

Kutacha awaloleza madzi, supuni zitatu basi.
M'thumba la jekete ndabisa kansonga ka buledi
kamene wophunzira wawo Bidzina waphika lero,
kakadali kofunda.
Sakuloledwa kudya. Ndangowafikitsira pamphuno.
Akununkhiza nthawi yaitali.
"Mchere wachepa," akutero.
Kenaka akumeza malovu, kholingo likukwera n'kutsika,
akundiyang'ana ndi maso onyowa:
"Buku lako lija silinaname, mwanawe.
M'kamwa muno ayamba kale ntchito."