Kope la Mchere

Bambo anga ankayeza mtsinje ndi lilime.
Ankatunga ndi chikhatho, kulawa, kulavula,
n'kunena kuti chaka chino mpunga upsa uli chiimire.
Palibe wa ku Dhaka anabwera kudzalemba malovuwo.

Ine Shefali wa ku Gabura ndili ndi kachipangizo
kotalika ngati mswachi,
ndi kope lachikuto chapulasitiki.
Anandisiyira ndi Mayi Nusrat a ku yunivesite
tsiku lomwe matope a padoko anawalanda nsapato.
Anati: m'mawa uliwonse madzi akadzaza,
mtsinje, dziwe la pasukulu, mjigo wa pamzikiti.
Malo atatu. Usalumphe tsiku.
Ndipo usakongoletse nambala,
yonyansayo ndiye tikuifuna.

Zaka zisanu ndi zinayi.
Ndaviika kachipangizoka ndili ndi malungo,
ndili ndi pakati, ndili pa mkangano ndi apongozi.
Anthu ankati ndikuwedza popanda nyambo.
Eni maiwe a nkhanu, aja amaboola khoma usiku
kuti nyanja ilowe m'minda,
ankandipatsa moni wa m'mphuno.

Mchere suthamanga. Umakwawa
ngati chinyontho pachipupa:
lero suona kanthu,
ukadzatembenuka, mango auma kunsonga,
ng'ombe yanunkhiza dziwe n'kubwerera,
sopo wakana kuchita thovu,
azamba akuwerenga amayi otupa miyendo.

Patsamba lina pali masiku khumi ndi limodzi opanda kanthu.
Mayi Nusrat anaimba foni: apa panatani?
Ndinati apa panalibe mtsinje, panalibe dziwe,
panalibe mjigo. Onse anali madzi amodzi,
ife tili padenga la sukulu
ndi mbuzi ziwiri, ndi mtembo wa a Haripada
wosowa nkhuni zouma.
Anakhala chete, mayunitsi akungotha.
Kenako anati: mpatawo ndiusiya momwe ulili.

Akuti kope langa linasanduka mzere wofiira
pakhoma la chipinda chozizira ku unduna,
mzere wokwera, woduka pakati, n'kukweranso.
Akuti bwana wina anafunsa
ngati zaka zisanu ndi zinayi n'zokwanira.
Wina anafunsa mtengo wa thanki imodzi.
Wina, wakumapeto kwa tebulo, analoza podukapo
ndipo atamuuza, anavula magalasi.
Tiyi anazizira akulimbana ndi liwu limodzi,
alembe "tidzayesetsa" kapena "tidzachita".

Lipoti linabwera pa bwato la Lachinayi,
lolemera ngati njerwa.
Dzina langa lili kumapeto, m'timalemba ta nyerere,
chilembo chimodzi chitagwera m'njira.

Matanki a madzi amvula anafika asanu ndi awiri.
Tinapempha makumi atatu.
Mbewu yopirira mchere inamera ndithu,
ngakhale ana akuti sinunkhira ngati yakale.
Lamulo loletsa kuboola khoma analikhomera pamtengo,
ndipo khoma likuboolekabe,
kungoti tsopano oboolawo amazimitsa tochi.
Ndimadziuza kuti pang'onopang'ono ndi mtolo,
koma nyanja nayo mwambiwo imaudziwa.

Lero m'mawa batire yafa.
Ndinaima m'matope, kope kukhwapa,
madzi atadzaza mpaka pamizu ya mitengo,
ndipo ndinawerama.
Ndinatunga ndi chikhatho, kulawa, kulavula.
Nambalayo ndinaimva palilime,
ndikanailemba osaphonya,
ndipo ku Dhaka sakanadziwa.

Sindinailembe.
Tumpa wathamangira kumsika kukagula batire
koma madzi ayamba kale kuphwa,
sawapeza.
Bokosi la lero ndalisiya loyera.
M'mphepete mokha, ndi pensulo,
mmene bambo akananenera:
owawa kuposa dzulo.