Lawi Lachikasu

Inafa Lachiwiri, ine sopo ali m'maso.
Inatsokomola kawiri
ngati munthu wofuna kupempha mawu pamsonkhano,
kenaka zii.
Madzi a mu Januwale anandikwapula pamsana,
ndinatukwana mpaka abakha a pangalande
anasamukira kutsidya, pansi pa mlatho wa ku Dokkum.

Zaka makumi awiri ndi zinayi
inakhala m'kabati kuseri kwa chitseko,
giza yathu ya gasi.
Ndimati yathu chifukwa lilime silimva msanga.
Tjitske anachoka mu Okutobala
ndi masutikesi awiri, mabuku ake onse, ndi mphaka,
nandisiyira bwato, ngongole ya utoto,
ndi mutu wowawa m'mawa uliwonse
umene ndinkausunga bwino ngati umboni wa chikondi.

Rixt anafika Lachisanu panjinga,
bokosi la zipangizo litamangidwa kumbuyo.
Moni wake unali wamfupi.
Anatseka botolo la gasi kumutu kwa bwato,
anakwera padenga poterera ndi chisanu,
napisa mkono m'chumuni mpaka m'chigongono.
Anatulutsa chisa cha mbalame, chakale, chakuda bii.

"Lawi linkayaka mtundu wanji?"
Ndinati lachikasu, lokongola ngati kandulo.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
"Mutu umakupwetekani?"
Ndinafuna kumufotokozera za Okutobala,
koma iye anali atagwada kale.
"Mpweya wake sununkha," anatero ali m'kabati,
"umangokugonetsa."

Ndiye kuti miyezi itatu yonseyi
ndakhala ndikulira mkazi
ndi mutu wa chumuni.

Mabawuti anali anayi. Atatu anamvera sipanala.
Lachinayi linali litakwatirana ndi dzimbiri,
ukwati wolimba kuposa wanga,
mpaka analidula ndi sowo.
Tinainyamula awiri, cham'mbali, m'kanjira kopanikiza,
iyo n'kumandilavulira madzi ofiira pamasokosi.

Yatsopanoyo njoyera, yopepuka ngati yopanda kanthu m'mimba,
koma yotambalala kuposa kabati ndi zala ziwiri.
Rixt anapala thabwa, napalanso,
fumbi la matabwa likugwera m'khofi wanga.
Ataipachika anaikapo levulo.
Kathovu kanathawira kumanzere.
Nditasuntha kuti ndione, kanathawira kumanja.
"Imani malo amodzi, bambo Douwe!"
Ndinaima. Kanabwerera kumanzere pang'ono.
Pabwato palibe chowongoka chokha,
zimatengera amene alimo ndi pomwe waima.
Chichokereni mabuku aja
bwatoli limapendekera mbali yomwe ndimagona.
Anaimanga choncho, yopendekera pamodzi nane.

Kenaka sopo.
Anapaka thovu pamfundo iliyonse ya paipi ya mkuwa,
natsegula gasi, tonse chete,
mphuno pafupi ndi khoma ngati ana osuzumira.
Pamfundo yachitatu panatupa kathovu kamodzi,
diso la chule, kakukula mosafulumira.
Anakhwimitsa nati pang'ono chabe.
Anapakanso. Tinadikira. Palibe.

Kudenga anakhomako kachipangizo koyera konga sosala.
"Kakalira usiku, tulukani.
Musafune nsapato, musafune chikwama."
Ndinafunsa ngati kamaliranso pa zifukwa zina.
Sanaseke. Analemba risiti atatsamira chitseko.

Lawi lake ndi la buluu, laling'ono, losadzionetsera.
Limayaka ukatsegula mpopi,
ukatseka limazima, silidikira munthu usiku wonse
monga chinkachitira chikasu chija.
Ndinasamba mpaka galasi linachita khungu,
mpaka thanki inayamba kulira njala.

Loweruka ndinadzuka mutu uli mbee,
koyamba chichokereni masamba m'mitengo.
Ndinakhala pabedi kufufuza ululu wanga
ngati munthu wofufuza makiyi m'matumba.
Ulipo ndithu.
Wangotsikira m'munsi, kuseri kwa nthiti,
komwe mkono wa Rixt sungafike.

Yakaleyo ili pamtunda, pambali pa chingwe chomangira bwato,
chisanu chayera pamapewa pake.
Nambala ya wogula zitsulo zakutha ili pafiriji.
Ndimuimbira Lolemba,
kapena mvula ikayamba.