Mlatho wa ku Mkanda

Kabokosi kali pamwamba pa kabati ya mankhwala
pachipatala chathu cha ku Mkanda,
nyanga zitatu, timaso tobiriwira
tophethira usiku wonse ngati ziphaniphani.
Amati rauta. Ine ndimati mlatho wamatabwa:
galimoto imodziimodzi, enanu yembekezani.

Lachiwiri lija mayi Chimphonda, mzamba,
anaimbira dokotala ku Boma.
Mwana anali atatsogoza miyendo.
Mawu a dokotala ankafika oduka mitu:
"tembenu... musako... kaye..."
Pakhonde a Kamzimbi, alonda, ndi anyamata anayi
anali ataunjirira foni imodzi, mpira utafika pokoma.
Sindikuwada. Mlatho sudziwa ambulansi,
umangodziwa amene wafika.

Ndiye lero ndakhala pabenchi ya odwala,
laputopu pamaondo,
kukaphunzitsa ulemu kabokosika.

Ndayamba ndi kuyeza njira:
mamegabiti asanu ndi atatu kukacha bwino,
anayi mitambo ikadzera ku Chipata.
Ndalemba ochepera pamenepo
kuti mzere uzipangika pakhomo pathu pano,
poti mzere wa kwa eni sungauuze zochita.

Mawu a mzamba, patsogolo.
Zotsatira za magazi, pamsana pake.
Malipoti a pamwezi adikire, saola.
Mpira, nyimbo, makanema a ukwati wa ku Joni,
kumchira, koma osawatsekera:
naye wapanjinga amaoloka
ambulansi ikadutsa.

Kenaka pamndandanda panatulukira dzina
ndinalilemba ndekha chaka chatha: foni yanga.
Chala chinaima m'malere.
Angadziwe ndani?
A Kamzimbi sadziwa n'komwe kuti kuli mndandanda.
M'chipinda chochirira wina anabuula,
kamodzi, motalika.
Ndinaiponya kumchira, pamodzi ndi mpira.

Tsopano ndi usiku. Mayi Chimphonda ali pafoni,
mawu a ku Boma akumveka athunthu
mpaka chifuwa cha dokotala.
Mwana wanga Mwaiwawo wanditumizira chithunzi
kuchokera ku Mzuzu, cha mdzukulu
amene sindinamunyamulepo.
Chikutseguka ngati chinsalu chokakamira:
kaye denga la nyumba yawo,
kenaka chipewa chaubweya,
chipumi.

Chaima pamenepo.

A Kamzimbi akung'ung'udza kuti wosewera
wauma mwendo uli m'mwamba.
Ndawasunthira malo pabenchi.
Tonse awiri, mafoni m'manja,
tili kutsidya lino,
iwo akudikira chigoli,
ine maso a mwana.